Duwa la Madamu Lametedwa

Lolemba
Madamu apita ku Lilongwe kukaona mdzukulu. Andisiyira nyumba ya ku Namiwawa kuno ndi duwa lawo lapakhonde, lija lolendewera m'kadengu, loyanga ngati kholowa. Amalikonda kuposa galu. Akuti ndingodula nsonga zokhudza pansi. Sizasi yatsopano! Andikhulupirira ndithu.

Lachiwiri
Kumanzere kwatalika. Ndadula. Tsopano kwatalika kumanja. Ndadulanso. Umu ndi mmene ndinametera mchimwene wanga mpaka anayamba kuvala chipewa.

Lachitatu
A Zuze, alonda athu, akuti mbewu yoyanga imafuna dzanja lolimba, ngati mbatata kwawo ku Nsanje. Mumtima ndikukana. Koma ndi akulu, ndiyamba bwanji? Ndangowapatsa sizasi. Akudula akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Lachinayi
Mbiri yamveka kuti kuno kukugawidwa maluwa. Obwera pageti:
Esinati wa nyumba yoyandikana nayo,
mayi ogulitsa nthochi,
bambo wina sindikumudziwa n'komwe.
Zodula zija zathera Esinati. Enawo? Pakamwa panga mawu oti "ayi" satuluka. Ndadula zina.

Lachisanu
Ndasuzumira m'kadengu. Mulibe dothi! Makungwa ndi makala basi. N'chifukwa chake silikuphukira, lafa ndi njala. Kunyumba ku Chigumula tili ndi manyowa a nkhuku.

Loweruka
Manyowa m'jumbo, jumbo pamiyendo. Kondakitala pa Limbe: "Asisi, katundu wanuyu wamwalira liti?" Minibasi yonse kuseka, ine maso pansi. Komabe ndafika nawo. Ndathira dothi, manyowa, madzi ambiri. Masamba otsalawo aweramitsa mitu. Mwina akuthokoza.

Lamulungu
Sakuthokoza. Achita chikasu, tsinde lafewa. Khonde likununkha khola.
Madamu afika. Ayimirira nthawi yaitali, chikwama chili m'manja. Ine ndikuganiza za ntchito yanga. A Zuze atanganidwa mwadzidzidzi ndi geti.
Kenako Madamu aseka mpaka kukhala pansi. Akuti duwali kwawo kwake ndi pamitengo, dothi silifuna. Ntchito ilipo, andibweretseranso chitenje. Sizasi yokha ayikiyira m'kabati.
Duwa lomwe anatenga Esinati lija akuti lili bwinobwino m'botolo la madzi.
"Mawa upite ukapemphe kanthambi kamodzi," akutero madamu.
Ine, kukagogoda pageti la eni, kukapempha duwa lathu lomwe! Chabwino. Ndayamba kale kuyeserera mawu ake kubafa.