Sabata Yopanda TV

Lolemba
Mwana wanga Chisomo wanditumizira vidiyo pa foni. Anthu opanda nkhope, pakhosi pali ma TV. Kumwamba kuli mlomo waukulu ukulankhula, onse akugwedeza mitu nthawi imodzi. Ndaonera katatu. Ndife amenewo! Ndatsimikiza: sabata yonse TV osayatsa. Ndiziganiza ndekha.

Lachiwiri
Ndikuonetsa aneba vidiyo ija kuti nawonso atseguke maso.
Ba Mulenga a khomo linalo: "Ni va Satana ivi, fufutani."
Amake Juniya: "Manje yokonkhapo ili kuti?" Akufuna gawo lotsatira.
Wometa tsitsi akufunsa ngati ma TV amenewo ndi a sola.
Palibe wamva!

Lachitatu
TV ili pakabati, yofundidwa kansalu kamene mkazi wanga Esinati analuka asanamwalire. Ikundiyang'ana. 19 koloko, nthawi ya nkhani, m'nyumba zii. Koma khoma ndi limodzi ndi Ba Mulenga. Ndamva zonse, mpaka zanyengo.

Lachinayi
TV ndiibisa kuchipinda. Kuti kabati idutse, ndatulutsa panja sofa, tebulo ndi mipando. Ndaiwala kuti muno mu Chawama mipando panja ndiye maliro. Posakhalitsa azimayi atatu akulowa akulira. Wina wabwera ndi nkhuni. Amake Juniya andipeza nditanyamula TV: "Ah! Ba Phiri, si ndimwe mwafa?"

Lachisanu
Pa gulu la tchalitchi la pa foni alemba kuti: "Ba Phiri atisiya." Ndayankha kuti ndili moyo. Mlembi akuti: "Tiyembekeze chilengezo cha a tcheyamani." Pansi pake: Ameni, Ameni, Ameni. Mitu yonse kugwedezeka pamodzi!

Loweruka
Alamu anga, akulu ake a Esinati, afika kuchokera ku Matero. Iwo amva zina: akuti ndikugulitsa TV ya malemu, akuti ndapeza mkazi. Ndawaonetsa vidiyo ija. Aonera mpaka kumapeto, andiyang'ana nthawi yaitali. "Mulamu, mukudya bwino?" TV aibweza okha pakabati, kansalu aikapo bwino.

Lamulungu
Kutchalitchi ena akundipatsa moni chapatali.
19 koloko ndayatsa. Ndagonja.
Esinati ankakangana ndi wowerenga nkhani tsiku lililonse, chala m'mwamba: "Bodza iwe!" Iyeyo sanagwedezepo mutu. Ndayesa kunena ndekha, motsitsa mawu. Sizikumveka chimodzimodzi.
Kuseri kwa khoma, Ba Mulenga akugogoda: "Ba Phiri, kwezaniko voliyumu, kwathu malaiti yatha!"
Ndakweza.