Chimphona Chikudikira a Ngozo

Lolemba

A Ngozo akupita Lamulungu. Mwana wawo wa ku Blantyre wanenetsa kuti abwera ndi galimoto kudzawatenga, akakhale pafupi ndi chipatala. Shuga, miyendo yotupa, maso akuchita chifunga. Eni ake akuti, "Ndikungokaonana ndi adokotala basi." Tonse tikuvomera ndi mutu. Palibe akufunsa tsiku lobwerera.

Tinali gulu lalikulu pobusa ng'ombe kudambo la kuseri kwa Biriwiri. Tatsala anayi: a Ngozo, wamkulu wa tonse, a Nyoni, amene tsopano ndi mkulu wa mpingo, alamu anga a Mbewe, wamng'ono wa tonse ngakhale mutu uli mbuu, ndi ine. Zaka zonsezi timakumana pamaliro pokha. Zimenezi zikundiwawa.

Ndiye ndaganiza. Bawo ndi ya anthu awiri, komanso a Ngozo saonanso bwino maenje. Koma Tamanda, mwana wanga wa ku Lilongwe, anasiya kuno bokosi la masewera ake pa Khirisimasi. Mmodzi amasimba nkhani, enawo amakhala ankhondo a m'nkhanimo, ndipo zikafika pomenyana amaweruza ndi madayisi, timiyala toponya tolembedwa manambala. Ndikufuna Lamulungu lisanafike tikhale anayi pamphasa imodzi, a Ngozo agwetse chimphona ndi dzanja lawo, monga ankagwetsera ng'ombe zathu zadothi.

Zofunika:
kuphunzira malamulo a nkhondo
magalasi (ali kuti?)
kuwauza a Nyoni mosamala
kusawauza mayi a kunyumba, Nambewe, mpaka zitapsa

Nambewe adziwa kale. Akuti, "Kachewere akudikira khasu, inu mukudikira chimphona."

Lachiwiri

Buku la malamulo ndi lonenepa kuposa la nyimbo, lonse Chingerezi, tizilembo ngati nyerere. Magalasi apezeka m'thumba la mbewu. Ndaimbira Tamanda. Waseka kaye mpaka mayunitsi kutsala pang'ono kutha, kenako wafotokoza.

Zomwe ndamva:

Nkhondo isanayambe aliyense aponya dayisi yaikulu, ya mbali makumi awiri. Wapeza nambala yaikulu ndiye ayamba, ena n'kumatsatira. Chimphonanso chimaponya, koma wochiponyera ndine, poti ndine mwini nkhani.

Nthawi yako ikakwana usuntha, umenya kamodzi, basi. Mdani akamakumenya iwe ungokhala phee, kudikira nthawi yako. Nkhondo yaulemu chonchi sindinaionepo.

Kuti chibonga chifike pathupi, nambala yako ipose nambala ya chishango cha mdani. Chikafika, uponyanso dayisi yaing'ono kuti tidziwe kukula kwa bala.

Aliyense ali ndi moyo wowerengeka. Ukatha, wagwa.

"Moyowo muziwerenga ndi chilichonse, adadi, ngakhale nyemba." Ndatapa nyemba zofiira za Nambewe.

Ndayesa ndekha patebulo. Wankhondo ine, chimphona ine. Chimphona chandipha. Ndayesanso, chandiphanso. Kachitatu ndabera pang'ono, chandiphabe.

Kudambo malamulo anali awiri okha: usamenye kumaso, usakanene kunyumba. Woweruza anali a Ngozo, ndipo ankaweruza ali m'kati momenyana. Palibe ankadandaula, chifukwa anyamata a kutsidya akabwera kudzatilanda malo omwetsera ng'ombe, woima patsogolo anali iwo omwewo. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo, nditagwira malaya a onse.

Lachitatu

Ndadzuka, mbale ya nyemba palibe. Zili pamoto. Moyo wa ankhondo atatu ndi wa chimphona, zonse mumphika umodzi, ndi anyezi. Nambewe akuti nyemba m'nyumba muno zili ndi ntchito imodzi yokha. Ndatapa chimanga.

Masana pakhonde la a Ngozo, poti iwo kuyenda n'kovuta. Abwera onse! Mtima wanga wachita myaa.

A Nyoni aona madayisi n'kukokera mpando m'mbuyo. "Achimwene, iyi ndi juga." Ndafotokoza kuti palibe choikapo. "Juga imayamba choncho." A Mbewe awakumbutsa kuti atumwi omwe anachitapo maere. A Nyoni asinkhasinkha, kenako akuti aponya, koma ndi dzanja lamanzere, ndipo abusa asamve.

Ndatulutsa tianthu tapulasitiki ta m'bokosi, tating'ono ngati chala. A Ngozo atenga kamodzi, akukayandikiza kumaso, akukapapasa. "Ameneyu makutu ngati a bulu, ndi wa mfunda wanji?" Taseka, koma ndazindikira kuti sakukaona. Pamphasa kangasowe ngati utitiri.

"Tiumbe athu," akutero. "Dothi linatha kodi?"

Nkhondo mawa.

Lachinayi

Ine ndi a Mbewe kudambo ndi ndowa. Dambo lathu lija ndi madimba okhaokha tsopano, kabichi, tomato, anyezi, mpaka m'mphepete mwa madzi. Pamene ng'ombe zinkagona masana pali pampu. Tachita kupempha dothi kwa mayi mwini dimba, ife amene tinkalitapa ngati lathu. Atifunsa ngati n'lozirira nyumba. A Mbewe akuti eya.

Pangano: aliyense aumbe wankhondo wake, ine ndiumbe chimphona.

Zomwe zaumbidwa:
a Nyoni, ng'ombe
a Mbewe, ng'ombe, nyanga imodzi kutalika
a Ngozo, nkhunzi ya linunda
ine, chimphona, chimene onse akuti changofanana ndi mwini wake

Palibe waumba munthu. Palibenso wachita dala. Manja angopita kumene anazolowera.

A Ngozo akuumba osayang'ana n'komwe, nkhope ili kuphiri. Zala zokha zikuyenda. Nyanga akusongola ndi malovu monga kale, linunda akulitsina kamodzi lakhala. Aitcha Mtopola, dzina la nkhunzi ya abambo awo imene inakweza aphunzitsi athu pachulu, njinga n'kuisiya pamsewu ikuzungulira tayala. Nkhaniyi taimva kosawerengeka. Lero taisekanso mpaka a Nyoni kutsamwa.

Buku silikunena kanthu za ng'ombe. Ndaimbira Tamanda. "Adadi, ndinu mwini nkhani, lamulani." Ndalamula: ng'ombe ndi wankhondo, nyanga ndi chibonga, chikopa ndi chishango. Pajatu chishango chimachokera ku chikopa chomwecho.

Dothi liyenera kuuma. Nkhondo mawa. Zikhadabo zanga zili bii, ndipo sindikufuna kuzitsuka.

Lachisanu

Lero ndiye lero. Mphasa yayalidwa, chimanga chagawidwa, aliyense kamulu kake. Ndasimba bwinobwino: chimphona chatsika m'phiri, chathyola khola, chikuthawa ndi ana a ng'ombe. A Ngozo awongoka pampando. "Khola la ndani?" Ndati lawo. Nkhope yasintha.

Aliyense aponye, tione woyamba.
A Mbewe, 19.
Chimphona, 14.
A Nyoni, ndi lamanzere, 8.
A Ngozo, 2.

Ndalengeza kuti ayambe a Mbewe. A Mbewe akuyang'ana pansi. "Alamu, ine ndimenye akulu asanatukule mkono? Mukufuna anthu aziti ndinaleredwa kuti?" A Nyoni akuwonjezera kuti ngakhale kusamba m'manja amayamba wamkulu. Ndawaonetsa tsamba, ndaloza ndi chala. A Nyoni akuti, "Analemba bukuli kwawo kulibe akuluakulu."

Ndalimbana nawo ndithu. Ndati lamulo limeneli ndiye msana wa nkhondo yonse, likathyoka zonse zithyoka. Koma zoona n'zakuti kudambo ng'ombe yoyamba kulowa m'bwalo inali ya a Ngozo nthawi zonse, ndipo ine ndemwe ndinkaletsa ana kudumphira patsogolo. Ndagonja. Tizitsata kubadwa.

Vuto lina: nanga chimphona chinabadwa liti? A Nyoni akuti zimphona ndi zakalekale, mwina n'chachikulu kuposa a Ngozo. A Mbewe akuti ayi, ndinachiumba dzulo iwo akuona, ndiye ndi khanda, chikhale kumapeto. Zavomerezedwa.

Choncho zonse zikudikira a Ngozo. Dayisi ili m'dzanja lawo. Akuti nkhondo siyamba munthu asanagiye, asanadzitame ndi kuponda pansi monga pa ngoma. Kuima sangathe, ndiye akugiya ali pampando, ndodo ikugunda pansi, du, du. Atchula abambo awo, agogo awo, ng'ombe zawo. Kenako ayamba kutchula anzathu a kudambo amene anatsogola, mmodzimmodzi, ndi maina awo achibwana amene ine ndinali nditaiwala. A Nyoni avula chipewa. A Mbewe akuti utsi wa kukhitchini ukuwalowa m'maso, chonsecho moto sunakolezedwe.

Pomaliza dzuwa lapendeka. A Ngozo akuwodzera, dayisi ikadali m'dzanja. Wowadzutsa ndani?

Loweruka

Mpata womaliza. Ndalawirira, ndayala zonse, ng'ombe pamalo pake. Ndachotsako chimanga cha chimphona mwakabisira. Chatsala ndi njere zochepa zoti ngakhale bala laling'ono chigwe.

Zosokoneza:
amayi a kutchalitchi kudzatsazika, nyimbo zonse mpaka ndime yomaliza
achibale a ku Mlangeni, aliyense ndi malangizo a zakudya
abusa

Abusa atatulukira pakona, a Nyoni avundikira madayisi ndi chipewa, ndipo pemphero lonse dzanja lili pachipewapo. Pamene maso athu ali chitsinzinire, nkhuku zakwera pamphasa. Zadya moyo wonse wa a Nyoni ndi theka la wa a Mbewe. Wa chimphona sizinaukhudze. Nkhuku za masiku ano!

"Ndiye kuti ndafa ndisanamenye?" akufunsa a Nyoni alendo atapita. Ndati malinga ndi buku, moyo ukatha wagwa. A Ngozo agunda ndodo pansi. "Sabata ino safa munthu." Ndawonjezera chimanga.

Madzulo pakhonde pachita bata. Ndati akulu, nthawi ndi yanu. Akugwedeza dayisi m'dzanja, akugwedeza, akugwedeza.

"Ndikapeza yaikulu, chigwa?"

Ndati chigwa.

"Chikagwa?"

Ndati ndiye kuti tapambana, masewera atha, tilongedza.

Dzanja linalo likupapasa pamphasa mpaka lapeza linunda la Mtopola. "Mkono ukundiwawa lero," akutero. Dzulo lonse mkono womwewo unkagunda ndodo pansi osadandaula. Sindinatsutse.

Njira yonse yobwerera ndinali ndi mkwiyo. Sabata yathunthu, kachewere ali m'tchire, malamulo ndaloweza ngati mwana wa kalasi ya ubatizo, koma palibe ngakhale nyanga imodzi yakhudza chimphona. Ndadandaulira Nambewe. Akuti, "Munkafuna anayi pamphasa imodzi. Mwakhalapo kangati sabata ino?" Ndapempha madzi akumwa.

Lamulungu

Galimoto yafika titangotuluka m'tchalitchi. Katundu wochepa: chikwama, bulangete, ndodo, thumba la kachewere lochokera kwa Nambewe. Mwana wawo akufulumira, akuti msewu ndi wautali.

Ndikulongedza za m'bokosi, dayisi yaikulu palibe. Tafuna pansi pa mphasa, kuseri kwa mpando, m'chipewa cha a Nyoni. A Mbewe ayamba kale kuyang'ana nkhuku ndi diso loipa.

A Ngozo ali pampando wa kutsogolo. Atsitsa galasi, atambasula dzanja. Dayisi ili pamenepo. Aionetsa kwa tonse atatu, n'kuilowetsa m'thumba la jekete.

"Iwe," akutero, monga ankandiitanira kudambo, "nthawi ndi yanga. Asaponye munthu ndisanabwere."

"Tamva, akulu," ayankha a Mbewe. Ine ndangokweza dzanja galimoto ikunyamuka.

Ng'ombe zadothi ndi chimphona ndabwera nazo kunyumba m'lichero, pang'onopang'ono. Zili pakabati monga zinalili pamphasa: Mtopola patsogolo, ziwiri zija kumbuyo kwake, chimphona chili moyang'anana nazo ndi tinjere take. A Nyoni ndi a Mbewe akuti azibwera Lachisanu lililonse kudzaona ngati makoswe sanadye moyo wa munthu.

Tamanda waimba. Akuti dayisi yotere ku Lilongwe imapezeka, atha kutumiza ina pa basi. Ndamuuza asavutike. Malamulo a nkhondo ndikuwadziwa tsopano, tsamba ndi tsamba, ndipo palibe limene likunena kuti munthu aponye msanga bwanji.

Nambewe apukuta fumbi pakabati, mozungulira, osasuntha kanthu.

Mawa ndikapalira kachewere. Ikadali nthawi ya a Ngozo.