Defeza Yanga Pamwamba pa Kachewere wa Eni

Mpaka lero pali amayi ena ogulitsa nthochi pa Kalomwe amene akandiona amayamba ayang'ana miyendo yanga asanandipatse moni. Sindiwaimba mlandu. Popeza nkhaniyi yafala kale mokhotakhota, kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Ntchito yanga ndi ya ulangizi wa zaulimi. Ndimayenda m'midzi ya Angoniya kuphunzitsa alimi kasamalidwe ka kachewere, kuyambira pokumba mpaka pamsika. Chifukwa cha kutalika kwa mitunda ndinagula kaminibasi kokalamba, n'kuchotsamo mipando, n'kuikamo matiresi, mbaula ndi chingwe choyanikapo zovala. Pomwe dzuwa landilowera, pomwepo ndiye kwathu. (Akazi anga amati ndinagula khola la nkhuku la matayala, koma imeneyo ndi nsanje chabe.)

Kwinaku ndinkaphunzira pa yunivesidade ina ya ku Beira kudzera pa intaneti. Zaka zinayi ndikusaka rede, netiweki ya foni ija, m'mapiri ngati mlenje wa mbewa. Chomwe chinatsala chinali defeza, mayeso omaliza aja oti uonekere pamaso pa aphunzitsi atatu, ufotokoze zimene unafufuza, iwo akupanikize ndi mafunso. Ine ndinafufuza za mmene kachewere amawonongekera panjira popita kumsika. Ulendo woyamba rede inandithawa nditangotchula dzina langa. Mkulu wa aphunzitsiwo, profesora wina wa magalasi amene sindinawaonepo akumwetulira, anandilembera mawu owerengeka: tidzayesenso Lachisanu, nove ora, naini koloko m'mawa, rede ikadzathawanso, tidzaonana chaka chamawa.

Ndiye ndinasakasaka malo odalirika. Lachinayi masana ndinaima pabwalo la a Dona Marita, kufupi ndi Lifidzi. Mayi ameneyu anakulira kothawa nkhondo ku Dedza, ndipo atabwerera kwawo anatchinga bwalo ndi mitengo ya mapichesi kuti apaulendo aziimikapo magalimoto n'kugona. Pachipata panali chikwangwani: MADZI, CHIMBUDZI, WAYIFAYI. Ndinayesa wayifayiyo, ndipo inathamanga ngati madzi a mumpopi. Pomwepo ndinaimbira akazi anga kuti ayambe kuyang'ana tambala wonenepa.

Lachisanu m'mawa ndinasamba, ndinameta, ndinavala malaya oyera, tayi imene kuno timati gravata, ndi jekete. Buluku ndinali nditachapa dzulo lake, koma nkhungu ya mwezi wa Juni inakana kuliumitsa. Ndinati palibe kanthu, kamera imaona kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba. Ndinavala kabudula wofiira wosewerera mpira ndi patapata. (Sungani mfundo imeneyi. Ine sindinaisunge.)

Kutatsala theka la ola ndinatsegula komputadori. Wayifayi kunalibe. Ndinathamangira kwa a Dona Marita, amene ankapeta nyemba pakhonde.

"Dona Marita, wayifayi yatani?"

"Yapita kumaliro."

"Mwati chiyani?"

"Kumaliro, ku Fonte Boa. Amalume ake a mkamwini wanga atisiya. Wayifayi ija ndi foni ya mkamwini wangayo, ndiye akanaisiya bwanji?"

"Nanga abwera nthawi yanji?"

"Atate, maliro ali ndi wotchi?"

Ndinatulutsa foni yanga kuti ndiyo ipatse komputadori intaneti. Kamzere ka rede kanali kamodzi, kakuonekera n'kubisala ngati buluzi pamwala. Ndinakwera padenga la minibasi: palibe. Ndinathamangira pachulu cha kuseri kwa khola: kamzere kamodzi komweko.

"Anzanu amapita pamtunda apo, pamsewu," anatero a Dona Marita osasiya kupeta. "Koma rede ya kuno imakonda anthu ataliatali."

Ine ndine wamfupi, ndipo mayiwo anali atandiyeza kale ndi maso.

Pamtundapo panali pataima kamiyau, lole yaikulu, yodzaza matumba a kachewere mpaka m'mwamba, omangidwa ndi zingwe. Ndinasuzumira kwa woyendetsa: munalibe munthu. Ndinaitana kawiri, zii. Kunatsala mphindi zisanu. Ndinakoleka chikwama kumsana, n'kukwera zingwezo ngati nyani wovala gravata. Nditafika pamwamba ndinayang'ana foni: timizere titatu, tokhazikika! Ndinakhala pakati pa matumba awiri, komputadori pamiyendo, foni m'thumba la jekete, zomvetsera m'makutu.

Nkhope zitatu zinaonekera. Ndinapereka moni m'Chipwitikizi changa cha pa Sabata, n'kuyamba. Mawu ankatuluka bwino moti ndinayamba kudzisirira ndekha.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kamiyauyo sinaime pamtunda mwangozi. Batire yake inali yofooka, ndiye mwini wake ankaiimika potsetsereka kuti podzuka angoimasula, iyambe kugudubuzika mwakachetechete, injini n'kudzalira kutsogolo. Mwiniyo anali atangopatukira kuchimanga. Atabwerako analibe chifukwa choyang'anira kumwamba.

Ndinali pa tsamba lachitatu pomwe ndinaona kuti mtengo wa bulugamu umene unali kumanzere kwanga wasamukira kumbuyo. Ndisanamvetse, kamiyau inagwedezeka, injini n'kubangula.

Ndikanatha kukuwa. Ndikanatha kukwawira kutsogolo n'kumenya denga kuti aime. Koma ndinasuzumira pafoni, ndipo timizere tinali titakwana tinayi. Pa zaka zinayi zonse sindinaonepo timizere tinayi ku Lifidzi. Ndinakola phazi m'chingwe, n'kupitiriza.

"Senyori," anandidula profesora uja, "n'chifukwa chiyani mitengo ikuyenda kumbuyo kwanuko?"

Apa ndiye panali pothera zonse. Sindikudziwa kumene yankho linachokera.

"Profesora, kafukufuku wanga ndi wa kachewere ali paulendo. Ndaona kuti si bwino kukamba zimenezi nditakhala pampando."

Mphunzitsi wachiwiri, bambo wa ndevu zaimvi, anayandikira kamera yake.

"Mukutanthauza kuti muli pa kamiyau yeniyeni?"

"Yeniyeni, ndipo ikuyenda."

Nthawi yomweyo tinagwera m'dzenje. Ndinauluka, komputadori inauluka, tonse tinabwerera pamalo pathu mwa chisomo. Ndinapezerapo mwayi. "Mwaona? Kugunda kumeneku ndi kumene ndalemba pa tsamba lachisanu ndi chiwiri." Ndinapisa dzanja pa thumba lina long'ambika, n'kutulutsa kachewere wosupuka khungu, n'kumuonetsa pa kamera. Bambo wa ndevu uja anayamba kulemba mofulumira.

Musaganize kuti zinali zokoma. Mphepo ya m'mapiri inkandibaya m'mawondo. Gravata inkandikwapula kumaso mpaka ndinaipanira m'malaya. Fumbi linadzaza m'kamwa. Nthambi zikamabwera ndinkawerama, ndipo ndikukhulupirira kuti aphunzitsiwo ankayesa ulemu. Ana a sukulu m'mbali mwa msewu ankakuwa, "Abwana! Abwana!" ine n'kumawakweza dzanja ngati ndinakonza zonsezi. Titalowa mumsewu wa phula mtima unakhalako pansi, koma nkhawa ina inabwera: tinkalowera ku Kalomwe. Aliyense wa kuno amadziwa kuti ukayandikira malire, foni imalumphira rede ya ku Malawi, intaneti n'kuduka osatsazika.

Mafunso anatha phiri la Dedza likuonekera bwinobwino. Profesora anati ndidikire akambirane. Anazimitsa mawu awo, ine n'kumangoona milomo ikuyenda. Tinadutsa njinga zonyamula makala. Tinadutsa mzere wa makamiyau odikira kuwoloka. Timizere tinatsika kufika pa tiwiri. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga.

Kenako mawu anabwerera.

"Senyori, takhala tikuyesa ophunzira zaka zambiri, koma sitinaonepo wina wotitengera kumunda chonchi. Mwakhoza, ndipo mwakhoza bwino kwambiri."

Anamwetulira! Ine ndinaiwala zonse. Kamiyau inali itangoima pamsika, ndiye ndinaika komputadori pathumba, n'kudzuka, manja m'mwamba, kukuwa dzina la mayi anga. Kamera inali ikadali yoyaka, ndipo tsopano inkayang'ana ndendende kabudula wofiira uja ndi mawondo anga otuwa ndi fumbi. Chomaliza chimene ndinaona ndi profesora akuvula magalasi. Kenako rede ya ku Malawi inandichitira chifundo, n'kudula.

Pansi, msika wonse unali utaima. Osintha ndalama anasiya kukupiza mipukutu yawo. Amayi a nthochi aja anagwirana mapewa. Chitseko cha kamiyau chinatseguka, ndipo munatuluka bambo wamkulu thupi, chipewa chaubweya kumutu. Anandiyang'ana kuyambira pa gravata mpaka pa patapata. (Inali itatsala imodzi. Inzake inatsikira panjira osandiuza.)

"Inu ndinu ndani pa katundu wanga?"

"Pepani kwambiri, a motorista. Ndimafuna rede."

"Rede? Mwakwerera kuti?"

"Ku Lifidzi."

Anagwira pakamwa. "Ku Lifidzi! Mukanagwa, ine ndikanauza apolisi kuti chiyani? Kuti ndinanyamula matumba ndi nduna yopanda buluku?"

Ndinatsika n'kuwafotokozera zonse, anthu atatizungulira. Nditatchula mutu wa kafukufuku wanga, bamboyo anakwera pamwamba, n'kutsika ndi kachewere atatu ophwanyika.

"Ndiye mwaphunzira zaka zinayi kuti mudziwe chimene chimawononga kachewere panjira?" anafunsa. "Ine ndachidziwa lero lomwe. Ndi matako a anthu ophunzira."

Msika unagwa ndi phwete, ndipo ine ndinaseka nawo, pakuti munthu amene wangokhoza defeza sapsa mtima. Chilango changa chinali kuthandiza kutsitsa matumba. Ndinavula jekete, n'kusenza mpaka msana unalira. Titamaliza, bamboyo, amene ndinamva kuti ndi a Zuze, anandigulira tiyi ndi chimanga chootcha, n'kumauza aliyense wodutsa kuti kamiyau yawo yatulutsa dotolo. Ndinayesa kuwakonza kuti digiri yanga sinafike pamenepo, koma anati pa galimoto yawo wopereka maudindo ndi iwo. Madzulo anandibweza ku Lifidzi, ulendo uno nditakhala kutsogolo ngati munthu.

Phunziro ndinalitola: usanakwere chinthu cha matayala, yamba wafunsa kumene mwini wake ali. Ndimaliphunzitsanso kwa alangizi anzanga, mwaulere. Kungoti sabata yatha, ku Domwe, ndinali ndi lipoti lofunika kutumiza msanga, ndipo pamtunda panali pataima ngolo yodzaza mapesi. Ndinayang'ana uku ndi uku, mwini wake osaoneka. Ndinayang'ana ng'ombe ziwirizo, ndipo zinkaoneka zaulesi kwambiri.

Sizinali zaulesi. Koma lipoti linapita.