Pasiwedi ya a Ramazani

Ku Gugulethu kuno, ku Cape Town, aliyense amene anagwirako ntchito pakiliniki yathu akudziwa kuti a Ramazani akanatha kukuvulira jekete pakati pa chisanu cha mu Juni, koma pasiwedi ayi. Mkulu wa ku Machingayu ndiye ankayang'anira makompyuta onse, ndipo chilichonse anachimangirira pa dzina lake: pulinta, mafayilo a odwala, ngakhale makina oitana anthu pamzere. Ine ndimalembetsa odwala pawindo, choncho ndinavutika nawo kuposa wina aliyense.

Kompyuta ikauma, ankafika mwakachetechete n'kutiuza tonse kuti titembenukire kukhoma asanalembe pasiwedi. Ngakhale dokotala ankatembenuka, manja kumbuyo ngati mwana wolakwa. Nesi wina wachiXhosa atatopa nazo anawafunsa kuti tidzatani iwo akadzadwala. Anangoseka.

"Sisi, kiyi ya kuchipinda sabwereketsa. Ine ndilipo."

Analipodi. Tchuthi sankachidziwa, kumudzi ankangolonjeza pafoni. Pa Idi ankakaswali n'kubwerera ali mumkanjo womwewo. Tsiku lonse ankabindikira m'kachipinda kozizira ka seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse ija, atafunda bulangeti, akutsokomola mpaka odwala pabenchi kumawamvera chisoni. Tinkawauza kuti akayezetse, poti chitseko cha dokotala chinali pomwepo. Iwo ankati akagonekedwa, seva aisiyira ndani? Zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Lachisanu lina anagwera m'kachipinda momwemo. Anzawo a kumzikiti anawaika mumchenga wa Cape Town, kutali ndi kwawo. Kenako a ku ofesi anachita zimene lamulo limanena, anatseka akaunti ya malemu.

Zonse zinafa nawo limodzi. Pulinta zii, mafayilo osatseguka. Pawindo langa panaima a Dorothy, mayi wa ku Ntcheu wosankha zipatso kumsika wa ku Epping, mapiritsi awo a tsiku ndi tsiku atatha. Opereka mankhwala anakana kuwapatsa asanaone fayilo, chifukwa dokotala anali atangowasinthira mankhwala ndipo mayiwo sankadziwa dzina lake. Anabwera Lolemba, anabweranso mawa lake, thupi likuonekeratu kuti likufooka.

"Achemwali, abwana anena kuti ndikajombanso ndisabwerere. Ndisankhe chiyani, ntchito kapena moyo?"

Mumtima ndinawatukwana a Ramazani, ndithu, munthu woti dothi pamanda ake linali lisanaume.

Anyamata a kukampani ya makompyuta amene anaitanidwa anakanda mitu, kenako anati kumasula zonse zimene mkuluyo anamanga kungatenge miyezi. Njira yachidule inali kudzutsa akaunti ija. Anaidzutsa, anaika pasiwedi yatsopano, makina n'kuyambanso ngati palibe chachitika. A Dorothy analandira mapiritsi awo, koma ku Epping anakapeza atalembapo kale wina.

Pasiwedi yatsopanoyo aliyense akuidziwa, ndi mlonda yemwe. Palibe amatembenukiranso kukhoma, ndipo m'kachipinda muja simumvekanso chifuwa. Ndimakusowa kutsokomola kuja, sindinama. M'mawa uliwonse ndikayatsa kompyuta imandilonjera ndi dzina lawo, ndipo pepala lililonse la wodwala limatuluka litalembedwa pansi kuti wasindikiza ndi Ramazani. Ali moyo sanapiteko ku Machinga chifukwa cha seva. Pano anamwalira, koma tchuthi chija sitinawapatsebe.