Ndalama Zanga Zili kwa Mdani Wanga wa Loweruka

Lolemba, pa 10
Declan, mwini wake wa wrestling yathu yochita kupangana ya mu holo ya ku Finglas kuno kwa azungu, waimba foni ndili pa break ku warehouse. Akuti Hyena Brothers ikutha Loweruka. Hyena Brothers ndi ine ndi Gift. Zaka ziwiri tikumenya anthu limodzi, wina akatopa agwira dzanja la mnzake, mnzakeyo alowa. Tsopano akuti Gift andiukira, andimenya ndi mpando. Ndafunsa kuti talakwa chiyani. Akuti palibe, anthu angotopa kutiona tikugwirizana.

Chabwino. Koma Gift ali ndi 60 euro yanga ya show yatha. Envelopu ya malipiro analandira ndi iye.

Creche, kosiya ana masana, ikufuna deposit ya 150 pofika Lolemba likubwerali. Apo ayi malo a mwana wanga Tadala apatsa wina, mayi ake sabwerera kuntchito.
Ndili nayo: 40.
Ya show ya Loweruka: 50.
Ya kwa Gift: 60.
Zikukwana ndendende. Bola.

Lachiwiri
Gift walemba pa page ya show kuti wandibereka kumsana zaka ziwiri, ndine thumba la makala. Declan akuti ndi mmene zimakhalira, anthu akhulupirire kuti tadana. Koma za makalazo Declan sangazidziwe. Zachokera mumtima mwa Gift zimenezo!

Ndatumiza meseji: "Aise, 60 ija." Wayankha: "Sindiyankhula ndi anthu ofooka." Kenaka kankhope koseka. Kenaka wakafufuta. Ndiye chiyani?

Lachitatu
Training ku Clondalkin. Masiku onse Gift amanditenga pagalimoto. Lero wandidutsa pa bus stop, mvula ikugwa, wangoliza huta. Lamulo la Declan likuti adani asaoneke m'galimoto imodzi. Mabasi awiri! Ndafika nditanyowa mpaka sokosi, ndamuyang'ana Gift moipa. Declan waomba m'manja, akuti nkhope imeneyo ndiisunge mpaka Loweruka. Sindikusewera ine.

Zoti ndichite Loweruka:
1. Mpando katatu kumsana.
2. Kugwa chafufumimba.
3. Kutseka maso, osagwedezeka mpaka andinyamule.

Lachinayi
Mayi a Tadala: "Bambo a Tadala, ndiye mwakangana kapena simunakangane?" Ndati sindikudziwa. Akuti mkazi wa Gift wabwera masana ndi thumba la zovala za mwana, amwa tiyi, aseka. Za 60 sanafunse, akuti manyazi. Pa page Gift walembanso kuti ndimanunkha m'kamwa. Ndagula chingamu, 2 euro. Yatsala 38.

Lachisanu
Ndamuuza Declan zonse, za creche ndi za envelopu. Akuti za ndalama za pakati pathu sizimukhudza, koma nkhaniyo ndi yabwino kwambiri. Yabwino bwanji? Walemba m'kabuku kake.

Madzulo meseji ya Gift: "Mawa uziona ndalama zako, pamaso pa anthu onse." Ndawerenga kasanu. Akulonjeza kapena akundiopseza? Mayi a Tadala akuti zonse ziwiri.

Loweruka
3 koloko, holo yadzaza. Ndatambasula dzanja kuti Gift alowe, iye wabweza lake. Mpando. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi! Kachinayi sitinapangane. Ndagwa, maso ndatseka. Gift wagwada pamutu panga akukuwa m'Chichewa, azungu akuganiza kuti akutukwana. Kwenikweni akuti, "Aise usagwedezeke, zikuyenda bwino!" Ine motsitsa mawu, "60 yanga." Iye, "Nayi!"

Ndamva mapepala akundigwera kumsana. Ndatsegula diso limodzi. Ndalama! Zina zikuuluka kupita m'mphepete, bambo wina wakutsogolo watambasula kale dzanja. Munthu wokomoka angatani? Ndadzuka. Ndatola zonse, ya kwa bambo uja ndalanda, ndawerenga pomwepo.

Ma kwacha. Ma 500 kwacha khumi ndi awiri, otsala pa ulendo wake wa kumudzi. Kuno ngakhale khofi sangagule.

Holo yonse ikuseka. Sindinadziwe chochita, ndiye ndagonanso chafufumimba, ndatseka maso. Aseka kuposa poyamba. Andinyamula ma kwacha ali m'manja.

Lamulungu
Msana sukupindika. Declan wandidula 20, akuti wokomoka sawerenga ndalama. Koma akuti anthu anakonda, mwezi wamawa ndichitenso chimodzimodzi. Ndiye wandidulira chiyani?

Gift waimba, mawu okoma ngati kale: "Aise, tinaswa! Msana uli bwanji?" Ndati 60. Akuti ndinalandira pamaso pa anthu, mboni ndi holo yonse. Waseka. Ndadikira kuti anene kuti ndi nthabwala. Foni yadula, kaya wadula yekha, kaya network.

38 kuphatikiza 30 ndi 68. Creche ikufuna 150. Mayi a Tadala alembera kale abwana awo kuti mwezi uno sayamba. Sanandikalipire, angondipaka mankhwala kumsana mwamphamvu kwambiri.

Ngati tadana, sindikudziwa tinadana liti. Ngati sitinadane, sindikudziwa ndifunse bwanji.

Kwa Gift: 60 euro. Ya mpando wa kachinayi uja sindinawerengere.