Thobwa Lopyola M'malawi a Roketi

Amene akukayika atuluke pompano, khomo ndi ilo. Ine ndalondera pa geti ku Jebel Ali, kuno kwa Aluya, mpaka kumera imvi, bodza ndilibe nalo ntchito.

Kumene ndimalonderako kuli chithanki chachitsulo, basi ya kampani itha kutembenukiramo. Amatulutsamo mpweya wonse nkuchiziziritsa kuti mukhale ngati kuthambo, kenako amayatsamo injini ya roketi, makina ali pambali kuyeza cheza chotuluka m'malawi ake.

Tsono Tadala, mwana wa mlongo wanga, wolera ana ku Al Nahda, anapeza mwamuna wa ku Zambia, nkhoswe nkukhala ine. Chinkhoswe chopanda thobwa akuchimuna akanatiseka mpaka ku Chipata, pomwe dzuwa la kuno limasasitsa thobwa usanalilawe. Friji ya kukampu komwe timagona antchitofe inali yodzaza kale. Ndiye ndinati ndikabise ndowa ya thobwalo m'chithanki muja, mozizira.

Ndikuwerama kuti ndiitule, chitseko gwa! Mukumva? Mpweya unayamba kuthawa, ine nkugwira wina m'chipewa, nkumaupuma pang'onopang'ono ngati shuga wa kumapeto kwa mwezi, mapazi kuchoka pansi, ndowa kuyandama, thobwa lonse kutuluka nkukhala chimpira pamwamba pa mutu wanga, injini kubangula, malawi abuluu kundiwaula ndevu, ine kusambira m'malere, kulikankha thobwalo ndi chifuwa, kulibweza m'ndowa osataya ngakhale dontho, nkukhalira chivindikiro. Imfa sindinkaiopa ayi. Ndinkaopa kuti Tadala achita manyazi.

Anandipulumutsa ndi Madam Huda, injiniya wamkulu. Pa kompyuta yawo cheza chija chinajambula mdala atakumbatira ndowa. Anazimitsa zonse nkutsegula.

"Khalas, zatha, baba, tulukani. Muli chiyani m'menemo?"

Ndinawatungira kapu. Anamwa, napempha ina. Kwa abwana sananene kanthu, ndipo Lamlungu anainyamula okha ndowayo pa galimoto yawo mpaka ku Hor Al Anz, kumene kunali mwambo. Mayi amenewo ndimawathokoza mpaka misozi, ndipo popemphera ndimayamba iwo, ana anga pambuyo.

Akuchimuna anamwa mpaka kunyambita makapu, ndipo pobwerera basi yawo sinafunenso nyali, matupi awo ankawala okha ndi cheza chimene chinalowa m'thobwa lija. Banja lilipo mpaka lero. Mwana wawo woyamba ali ku Dedza, ndipo magetsi akazima ana asukulu amadzawerengera pachipumi pake. Pitani mukaone, koma tikiti mugule nokha.