Buku Limene Linkatha Kuyambira Kumbuyo

Mpaka lero ndikamva fungo la fodya ndimakumbuka buku la a Sisitere, manyazi n'kundigwira ngati zachitika dzulo.

Chinali chilimwe, m'nyumba mosakhalika ndi kutentha. Tinali titangosamukira kuno ku Chongwe kuchokera ku Fort Jameson, ine ndili ndi khanda la miyezi isanu. Misa itatha, a Sisitere a ku mishoni anandibwereka buku la Chinyanja. "Ulibweze lathunthu," anatero, chala chili m'mwamba. (Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma kuwerenga kokha sindinkagonja.)

Nkhani yake inali ya wasitolo amene anapezeka atafa, chitseko chili chokhoma m'kati. Ndinkawerenga pansi pa mtengo wa mango, mwana akuyamwa, mtima uli phaphapha. Tsamba louma likangoti tswa, ine kucheuka. Popita kumadzi ndinkalibisa m'denga la nkhokwe.

Tsiku lachitatu ndinasuzumira kumapeto (inde, ndinkafuna kuba yankho). Tsamba lomaliza palibe! M'mawa mwake ena awiri apita. Mayo ine! A Sisitere ndikawauza chiyani? Nanga wasitoloyo anamupha ndani?

Ndinachita monga wapolisi wa m'bukumo. Ndinakayikira mbuzi, mpaka kuikanula kukamwa. Inandiluma. Ndinapisa m'matumba a amuna anga, ndinangopezamo mtedza. Kenaka ndinawaza phulusa pansi pa nkhokwe. Pobwera kumadzi, paphulusapo pali mapazi a jombo za usilikali. Pamudzi ponse mwini jombo anali mmodzi: apongozi anga aamuna, amene anakamenya nkhondo ku Burma.

Ndinawaona kuseri kwa khola, akupichira fodya m'tsamba la buku, mtima uli m'malo.

Kwathu mkazi salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Ukawaona panjira, umapatukira kutchire. Ndinathamangira kwa apongozi aakazi n'kugwada.

"Amayi, atate asuta buku la a Sisitere!"

"Lomba nichite bwanji? Niwafinye utsi ubwerere?"

Komabe anapita. Ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, atate uko, amayi pakati.

"Muuzeni apepese kwa a Sisitere m'malo mwanga," anatero atate. "Koma ine sinisuta pepala nisanawerenge. Wakupha nimudziwa. Chonivuta masiku onsewa n'chakuti, kodi wophedwayo ni ndani?"

Ndinaitana amayi msangamsanga.

"Amayi, afunseni wakuphayo ndani!"

"Ati uyambe ndiwe."

Tinakhala choncho mpaka mithunzi kutalika, ine kufotokoza chiyambi, iwo mapeto, amayi kupatsira mawu uku akuthiramo zawo. "Ati ni mlamu wake, analowera padenga. Ine n'nadziwa kale. Alamu ni tero."

Lamlungu ndinagwada pamaso pa a Sisitere ndi buku lowonda, n'kuulula zonse. Analitenga n'kuyang'ana kumapeto kwake.

"Ine sindinalimalize," anatero chapansipansi. "Ndani?"

Ndinawauza, ndipo anandibwereka lina.

Mudzati ndinaphunzira kubisa bwino. Ayi. Ndinaliika m'denga momwemo, koma pambali pake ndinaikapo nyuzipepala yakale yoti atate azisuta. Ndinadziona wochenjera zedi.

Bukulo linakhaladi lathunthu. Koma tsiku lachiwiri, ndili pansi pa mango, ndangofika pamene mtembo wapezeka m'chitsime, amayi anadutsa ndi mtsuko pamutu, osaima n'komwe.

"Ati usavutike. Wakupha ni mphunzitsi."